Bajeti ya Nyumba Yoyamba: Ndalama Iyambire Pati?

M'matauni a ku Malawi, kugula nyumba yoyamba kawirikawiri sikutanthauza kulipira nyumba yothaitha n'kulandira makiyi tsiku lomwelo. Anthu ambiri amayamba ndi poloti, kenako amamanga pang'onopang'ono: chaka chino maziko, chaka chamawa zipupa, denga likudikira kuti ndalama ipezeke. Nyumba zomangidwa kale zogulitsa zilipo, koma n'zochepa poyerekeza ndi anthu ozifuna, ndipo mitengo yake amaikwanitsa ndi opeza bwino okha. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964 kuti lizimanga nyumba zobwereketsa ndi zogulitsa, silingafikire aliyense m'mizinda yomwe ikukula mofulumira chonchi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,000 mu Blantyre, ndipo chiwerengerochi chakwera kuyambira nthawi imeneyo. Choncho bajeti ya nyumba yoyamba imakhala dongosolo la zaka zingapo, ndipo funso lake lalikulu ndi lakuti ndalama yochepa imene ilipo iyambire pati.

Nambala yoyamba kuidziwa ndi ya ndalama imene banja lingapatule mwezi uliwonse popanda ana kugona ndi njala. Ambiri amathamangira kufunsa mtengo wa poloti ku Area 49 kapena ku Chileka asanalembe zimene zimalowa ndi kutuluka m'nyumba mwawo. Malipiro oyenera kuwerengera ndi amene amafikadi m'manja msonkho ndi penshoni zitadulidwa. Alawansi ya ulendo ndi phindu la geni la miyezi yabwino zingathe kufulumizitsa ntchito zikabwera, koma sizoyenera kumangirapo dongosolo. Kumbali ya zotuluka, chakudya, lendi, fizi, mayendedwe, magetsi ndi madzi sizivuta kuzikumbukira. Zimene zimaiwalika ndi zija banja la ku Malawi silingazithawe: feteleza wa makolo kumudzi mvula ikayandikira, fizi ya mwana wa mlongo, chipepeso pa maliro, wodwala amene wagonekedwa kuchipatala, chinkhoswe cha mbale. Izi sizibwera mwezi uliwonse, koma palibe chaka chimene zimalephera kubwera. Wolemba bajeti ngati kuti alibe abale amadzinamiza yekha, chifukwa maliro akagwa, ndalama imene inasungidwira malata ndi yomwe imakagula bokosi. Ndi bwino kuwerengera zimene zinapita ku zinthu zotere chaka chatha, kuzigawa pa miyezi 12, n'kuziika m'bajeti ngati mmene amaikira lendi.

Lendi yeniyeniyo siima chifukwa choti munthu wayamba kumanga. Kwa zaka zonse zimene poloti ikumangidwa, banja limalipira pawiri: kwa landilodi ndi kwa mmisiri. Mfundo imeneyi ndi imene iyenera kutsogolera zosankha zambiri, chifukwa mwezi uliwonse umene banja lachedwa kulowa m'nyumba yake ndi ndalama yopita kwa mwini nyumba wina.

Ngongole ya kubanki yogulira nyumba ilipo. Banki ya NBS inachokera ku New Building Society, bungwe limene ntchito yake yeniyeni inali kukongoza anthu ndalama za nyumba, ndipo mabanki enanso amapereka ngongole zotere kwa anthu a malipiro okhazikika amene ali ndi chiphaso cha malo choti chikhale chikole. Chimene chimabweza anthu ambiri pakhomo la banki ndi chiwongoladzanja. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki pokongoza anthu amayendera pomwepo. Masamu ake ndi oyenera kuwaona bwino. Munthu wokongola K20 miliyoni pa 25 peresenti, yobweza zaka 10, amalipira pafupifupi K455,000 mwezi uliwonse, ndipo pomaliza amakhala atabweza ndalama zoposa K54 miliyoni. Akapempha kuti abweze zaka 20 poganiza kuti katundu apepuka, malipiro a pamwezi amangotsika kufika pa K420,000, pomwe ndalama yonse yobweza imakwera kupitirira K100 miliyoni. Chiwongoladzanja chikakwera chonchi, kutalikitsa zaka sikuthandiza kwenikweni, chifukwa pafupifupi ndalama yonse ya zaka zoyambirira imathera m'chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo osasuntha. Langizo lofala ndi lakuti kubweza ngongole kusadye koposa gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro; potsatira langizoli, ngongole ya K20 miliyoni imafuna munthu wolandira pafupifupi K1.4 miliyoni pamwezi. Komanso chiwongoladzanja cha ngongole zambiri sichokhazikika, chimakwera ndi kutsika, kotero wokongola ayenera kudzifunsa ngati angapirire chitakweranso.

Chifukwa cha ichi, ngongole imene imathandiza anthu ambiri ndi yaing'ono, ya nthawi yochepa, yotengera gawo limodzi la ntchito lomwe lili ndi mapeto ooneka, monga kufolera. Ma SACCO a kuntchito amayenera bwino ntchito imeneyi, chimodzimodzinso chipereganyu cha anthu odalirika. Banki mkhonde imathandiza pa zinthu zing'onozing'ono, koma chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, ndipo nyumba siibweza ndalama msanga ngati geni ya tomato. Za katapila palibe chokambirana: pali anthu amene anataya poloti yomwe chifukwa chofuna kuimaliza mofulumira.

Kusunga ndalama nako kuli ndi vuto lake. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Malata, zitsulo, mawaya, penti ndi mapaipi zimadalira ndalama zakunja, choncho mitengo yake inakwera nthawi yomweyo. Amene ankasunga ndalama kubanki kuti zikwane kaye anadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndalama ya malata 60 ikugula malata ochepa kwambiri. Apa ndi pamene panachokera nzeru ya omanga ambiri yosandutsa ndalama kukhala katundu ikangopezeka. Nzeruyi ndi yoona, koma si katundu aliyense amene amasungika. Malata, zitsulo, mafelemu a mawindo ndi misomali zingathe kukhala zaka pamalo ouma ndi otetezeka. Simenti imayamba kutha mphamvu pakapita miyezi itatu, ndipo ikagwira chinyezi imauma m'thumba momwemo. Igulidwe ntchito yake ikayandikira, isanjikidwe pamatabwa osati pansi. Matabwa osapakidwa mankhwala amadyedwa ndi chiswe kapena kupindika. Mchenga ndi njerwa zosiyidwa pa poloti yopanda mlonda zimachepa usiku uliwonse. Bajeti yolembedwa chaka chatha iyeneranso kubwerezedwa ndi mitengo ya lero, osati kungoitulutsa m'kabati.

Poika zinthu m'ndondomeko, muyeso wothandiza ndi umodzi: ndalama iyambe kupita ku zimene sizingadzasinthidwe. Penti, matailosi, siling'i ndi makabati zingathe kudikira zaka zisanu popanda chowonongeka. Malo, mapepala ake ndi maziko zikalakwika, zalakwika mpaka kale.

Malo ndiwo oyamba. Poloti yotsika mtengo imakhala kutali, ndipo kutalikako kumalipiridwa tsiku lililonse. Wogula malo ku Njewa kapena ku Airwing koma akugwira ntchito ku Kanengo, kapena wogula ku Mpemba kapena ku Lunzu ntchito ili ku Limbe, awerengere minibasi ndi kabaza za anthu onse a m'nyumbamo, kupita ndi kubwera, kwa chaka chathunthu. Nthawi zina ndalama imene wapulumutsa pa mtengo wa poloti imathera m'mayendedwe zaka zitatu zisanakwane. Afunsenso kuti paipi ya madzi ndi mapolo a ESCOM zalekezera pati, chifukwa kukokera madzi kapena magetsi mtunda wautali kumawonjezera ndalama zambiri, ndipo kumalo kumene sizinafike, chitsime, mjigo kapena sola ziyenera kulowa m'bajeti kuyambira pachiyambi. Sukulu, chipatala ndi msika nazo ziyesedwe ndi phazi, osati ndi mawu a wogulitsa.

Nthawi yabwino yoonera malo ndi Januwale kapena Febuluwale, mvula ili pakati. M'chilimwe dambo limaoneka ngati malo abwino athyathyathya, ndipo msewu wa fumbi sunena kuti m'dzinja lole ya mchenga siidutsa. Dothi la makande limafufuma likanyowa n'kung'ambika likauma, ndipo limang'amba zipupa ngati maziko sanapangidwe molimba, zomwe zimafuna simenti ndi zitsulo zambiri. Malo a m'mphepete mwa mitsinje ngati Lingadzi ku Lilongwe amasefukira. Ku Blantyre, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, ndipo anthu ambiri anafa. Ambiri mwa amene anamanga kumeneko sanasankhe phirilo mwakufuna. N'kumene ndalama yawo inafika. Komabe kwa munthu amene akadali ndi mwayi wosankha, kutsika mtengo kwa poloti ya pamtsetse kapena m'khwawa kuyenera kumuchititsa mantha m'malo momusangalatsa.

Pambuyo pa malo pamabwera mapepala, ndipo apa ndi pamene anthu amaumira ndalama molakwika. M'mizinda, malo ambiri ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation kapena khonsolo, ndipo amaperekedwa pa lisi, kawirikawiri ya zaka 99. M'mphepete mwa mizinda muli malo a makolo, amene mabanja amadula mapoloti n'kugulitsa mfumu ikuchitira umboni. Kalata ya mfumu ndi umboni wothandiza, koma si chiphaso cha malo, ndipo banki siilandira ngati chikole. Malamulo a malo a 2016 anatsegula njira yolembetsa malo a makolo m'dzina la munthu kapena banja kudzera m'makomiti a malo, koma kulembetsa kulikonse kumafuna nthawi ndi ndalama. Nkhani za poloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu n'zofala m'makhoti, chimodzimodzi za mwana amene wagulitsa munda wa banja amalume ake osadziwa, kapena dobadoba woonetsa malo amene si ake. Kufufuza ku ofesi ya malo kuti adziwike mwini wake weniweni, ndiponso ngati malowo sali pa chikole kubanki, kumadya ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa poloti. Woyeza malo wovomerezeka aike mabikoni, oyandikana nawo aitanidwe aone malire, ndipo ndalama iperekedwe kudzera kubanki, pa mgwirizano wolembedwa wokhala ndi mboni. Kulipira zonse nthawi imodzi mapepala asanasinthidwe dzina n'kupereka mphamvu zonse kwa wogulitsa.

Dzina lolembedwa pa chiphasocho ndi nkhani imene mabanja ambiri amaizemba chifukwa imaoneka ngati kukayikirana kapena kuitana imfa. Koma ngati mwamuna ndi mkazi onse akuikapo ndalama, kulemba mayina onse awiri kumachotsa mkangano umene ungadzabuke wina akamwalira. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza wamasiye ndi ana ndipo limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu, komabe kupita kukhoti uli pa chisoni ndi ulendo wautali umene pepala limodzi likanaupewa. M'madera a chikamwini, mwamuna womanga nyumba yoyamba pamalo a kwawo kwa mkazi adziwe kuti nthakayo ndi ya mbumba ya kumeneko. M'madera a chitengwa, mkazi ndiye ayenera kuganizira zomwezo. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mabanja ena amasankhira kugula malo awoawo pa boma kapena m'tauni, ngakhale kumudzi malo alipo aulere.

Walira mvula walira matope: mtengo umene wogulitsa watchula umabwera ndi ana ake. Pali gawo la ejenti, malipiro a loya, msonkho wa sitampu posintha umwini, malipiro a woyeza malo, ndi a woyesa mtengo wa nyumba ngati banki ikukhudzidwa. Pali kujambulitsa pulani ndi kukaivomerezetsa ku khonsolo, chinthu chimene ambiri amachidumpha mpaka tsiku limene chizindikiro chofiira chalembedwa pakhoma. Pali kulumikiza madzi ndi magetsi, mayendedwe a katundu, madzi omangira kumalo kumene kulibe mpopi, mlonda ndi kanyumba kosungiramo zipangizo. Chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono, koma zikaphatikizana zimatha kudya ndalama ya denga. Pamwamba pa zonsezi payenera kukhala ndalama yapadera ya zogwa mwadzidzidzi, yosachepera gawo limodzi mwa magawo khumi a bajeti yonse, ndipo m'nyengo imene mitengo ikukwera mwezi ndi mwezi gawo limeneli n'lochepa.

Amene ali ndi mwayi wogula nyumba yomangidwa kale amapewa zaka za kulipira pawiri, koma amagula pamodzi ndi zolakwa za amene anaimanga. Penti yatsopano imabisa ming'alu ndi madontho a denga lodontha, choncho nayonso ionedwe m'dzinja, pamodzi ndi mmisiri amene wogula wadzipezera yekha. Ayang'ane matabwa a denga ngati chiswe sichinalowe, mawaya a magetsi, dzenje la chimbudzi ndi kumene madzi a mvula amalowera. Afunse ngati pali ngongole ya madzi, ya msonkho wa khonsolo kapena ya lendi ya nthaka, chifukwa ngongole zotere zimatsalira pa nyumbayo. Ngati muli alendi, zidziwike kuti atuluka liti ndipo adzawatulutsa ndani.

Kwa womanga yekha, chisankho chodula kwambiri chimachitika pa pepala, njerwa isanaikidwe ngakhale imodzi. Aliyense woyenda m'madera atsopano a Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena Zomba amaona nyumba zikuluzikulu zimene zinaimira pa mawindo, udzu utamera m'zipinda, njerwa zikudyedwa ndi mvula chaka ndi chaka. Eni ake ambiri sanali osauka. Anajambulitsa nyumba ya zipinda zogona zinayi, mabafa atatu, galaja ndi denga la ngodya zambiri, potengera nyumba ya mnzawo wa kuntchito kapena chithunzi cha pa Facebook, ndipo ndalama inathera m'zipupa. Kukula kwa nyumba kumachulukitsa chilichonse: maziko, njerwa, matabwa, malata, pulasitala, penti. Ngodya iliyonse yowonjezera pa denga imadula malata ndi kutsegula malo odontha. Pulani yabwino ya nyumba yoyamba ndi imene ingamalizidwe ndi ndalama ya zaka ziwiri kapena zitatu, koma inajambulidwa moti zipinda zina zidzalumikizidwe popanda kugumula.

N'chifukwa chake njira yoyamba ndi boyizikota kumbuyo kwa poloti yathandiza mabanja ambiri. Zipinda ziwiri, bafa ndi chimbudzi zimatha msanga, banja limasamuka, lendi imaima, ndipo ndalama imene inkapita kwa landilodi imayamba kugula simenti. Mwini wake akakhala pa malopo, kuba kwa zipangizo kumachepa ndipo mlonda safunikanso. Nyumba yaikulu ikadzatha, boyizikota ija imalowa alendi n'kumabweretsa ndalama. Chimene chimalepheretsa ena ndi manyazi okha, poopa kuti anzawo anena chiyani akamva kuti bwana akukhala m'zipinda ziwiri. Manyazi amenewa amalipiridwa ndi lendi ya zaka zambiri.

M'kumanga kwenikweniko, maziko sayenera kuumiridwa: akumbidwe kufika pa nthaka yolimba, athiridwe mankhwala a chiswe, aikidwe pulasitiki woletsa chinyezi kukwera m'zipupa. Zipupa ziyambidwe pokhapokha pali chiyembekezo chenicheni chofolera mvula isanabwere, makamaka ngati zamangidwa ndi dothi. Pa njerwa, malamulo a 2018 analetsa zootcha pa zomangamanga za boma ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo ngakhale anthu wamba ambiri akuzigwiritsabe ntchito, mabuloko a simenti afala. Buloko imodzi imadula kuposa njerwa, koma imatseka malo aakulu, imamangika msanga ndipo imadya matope ochepa, kotero kuyerekeza koyenera ndi kwa khoma lonse. Pa malata, nambala ya geji ikakula lata limakhala lopyapyala: geji 28 ndi yolimba kuposa geji 32, ndipo denga ndi malo amene kuchepetsa ndalama kumadzabwezedwa ndi dzimbiri. Denga, zitseko zakunja, mawindo, simenti ya pansi ndi chimbudzi zikatha, nyumba ndi yolowamo. Pulasitala wa kunja angathe kudikira pang'ono, siling'i ndi matailosi angathe kudikira kwambiri. Mpanda wa njerwa anthu amagawanika nawo maganizo: umateteza, koma mpanda wozungulira poloti yonse ungadye njerwa zokwana kanyumba kathunthu, ndipo zitsulo za m'mawindo ndi chitseko cholimba zimagwira ntchito yaikulu ya chitetezo pa mtengo wochepa kufikira mpandawo utadzatheka.

Mmisiri alipidwe potsata gawo limene wamaliza, pa mtengo umene wagwirizanidwa ndi kulembedwa ntchito isanayambe: maziko mwakuti, zipupa mwakuti, denga mwakuti. Kumulipira pa tsiku kumatalikitsa ntchito, ndipo kumupatsa ndalama yonse patsogolo kumachititsa kuti akayambe ntchito ina kwina. Zipangizo agule mwini nyumba, awerenge matumba a simenti olowa ndi opanda kanthu otuluka. Vutoli limakula kwa a Malawi amene akumanga ali ku Joni kapena ku United Kingdom, potumiza ndalama kwa mbale kuti ayang'anire. Mbaleyo nayenso ali ndi mavuto ake, ndipo ndalama ya simenti ikafika tsiku limene mwana wadwala, imapita kuchipatala. Kutumiza ndalama ya gawo limodzi lokha, kulipira mwachindunji kusitolo ya zipangizo, ndi kumupatsa woyang'anirayo malipiro ake odziwika kumateteza nyumba ndi chibale chomwe.

Tsiku losamuka silitseka bajeti. Nyumba ya pa lisi imalipira lendi ya nthaka chaka ndi chaka, ndipo ya mumzinda imalipira msonkho wa khonsolo. Paipi ikaphulika kapena mphepo ikasasula malata, palibenso landilodi woti aimbiridwe foni. Ndalama imene inkapita ku lendi igawidwe mwadala mwezi woyamba womwewo, gawo lina lomalizira zotsala ndi lina lokonzera zowonongeka, isanazolowere kuthera m'zinthu zina. Inshuwalansi ya moto ndi mphepo, imene banki imakakamiza kwa amene anakongola, ndi yoyenera kuifunsa mtengo ngakhale kwa amene anamanga ndi ndalama yake. Ngati chiphaso cha malo sichinatuluke pofika nthawiyi, chikhale patsogolo pa matailosi ndi sofa zatsopano, chifukwa popanda icho nyumbayo siingakhale chikole, ndipo kuigulitsa kapena kuisiyira ana kumavuta.